Siteshoni ya Matchaina ya m'mlengalenga sinamangidwe m'zaka ziwiri

Anzanga a pagulu pano, kanema uja mwakhala mukuponyerana sabata yonseyi ndamuonera. Uja akuti America itawakaniza Matchaina kulowa nawo mu siteshoni ya m'mlengalenga ya mayiko ambiri, iwo anapsa mtima n'kumanga yawoyawo m'zaka ziwiri zokha. Imakoma kumva ndithu, koma madeti ake sakugwirizana. Lamulo la ku America loletsa NASA kugwira ntchito ndi China linabwera mu 2011. Pulani yomanga siteshoniyo boma la China linaivomereza mu 1992. Pakatipa pali zaka 19. Ndiye uthengawu ndi wautali, amene batire yatsala pang'ono akatchaje kaye.

Poyamba tidziwe chinthu chimene tikukambachi. Dzina lake ndi Tiangong, kutanthauza nyumba yachifumu ya kumwamba. Imayenda pamtunda wa makilomita pafupifupi 400 kuchokera pansi pano. Nyanja yathuyi m'litali imaposa makilomita 550, ndiye mutaiimika chilili ikhoza kuipitirira siteshoniyo. Si kutali kwenikweni. Chovuta ndi liwiro: kuti chinthu chisagwe kumeneko chimayenera kuthamanga makilomita oposa 27,000 pa ola, n'kumazungulira dziko lonse m'ola limodzi ndi theka. M'katimo mumakhala anthu atatu, miyezi isanu ndi umodzi, kenaka kubwera ena kudzawalandira.

Nkhani imayamba ndi munthu wina dzina lake Qian Xuesen. Anaphunzira ku America, ku MIT ndi ku Caltech, ndipo anali m'gulu la akatswiri amene anayambitsa ntchito za maroketi kumeneko. Mu 1950 anamukayikira kuti ndi wachikomyunizimu, anamulanda chilolezo chogwira ntchito zachinsinsi, n'kumusunga ngati mkaidi wapakhomo zaka zisanu. Mu 1955 anamulola kubwerera kwawo. Anafika m'dziko losauka kwambiri, koma ndi iyeyo amene anatsogolera ntchito ya mizinga ndi maroketi mpaka pa 24 April 1970 China inaponya setilaiti yake yoyamba, Dongfanghong 1.

Chimene kanema uja sakunena n'chakuti anayesapo kutumiza munthu kumwamba nthawi imeneyo n'kulephera. Ntchitoyo inkatchedwa Project 714, chombo chake Shuguang. Mu 1971 anasankha oyendetsa ndege za nkhondo 19 kuti ayambe kuphunzira. Sipanapite nthawi ntchito inaima. Ndalama kunalibe, ndale zinali zitasokonekera chifukwa cha Cultural Revolution, ndipo anyamata aja anabwerera ku ndege zawo. Chombocho sichinauluke n'kamodzi komwe.

Nkhani inadzukanso cha m'ma 1986, boma litakhazikitsa pulogalamu ya sayansi yotchedwa 863. Apa panali mkangano umene ine umandisangalatsa. America inali ndi Space Shuttle, chombo chamapiko chotera ngati ndege, ndipo Soviet Union imamanga chake chotchedwa Buran. Mainjiniya ambiri a ku China ankafuna chamapiko nawonso, chifukwa ndicho chinkaoneka chamakono. Ena anati ayi, tiyambe ndi kachombo kooneka ngati belu, kotera ndi parachuti, kaukadaulo wakale koma koti tingathe kukapanga ndi manja athu. Achiwiriwa ndiwo anapambana. Pagombe pano timaziona: munthu wangopeza ndalama za usipa wa nyengo imodzi, akufuna injini yaikulu ya mahosi 75 imene sipeya wake sapezeka m'boma lonse, pomwe ya 15 ikanamugwirira ntchito zaka khumi. Buran inauluka kamodzi kokha mu 1988, yopanda munthu. Space Shuttle inapha anthu 14 pa ngozi ziwiri ndipo inapumitsidwa mu 2011. Kabelu kaja kakuulukabe lero.

Pa 21 September 1992 atsogoleri a dzikolo, pansi pa Jiang Zemin, anavomereza ntchito imene imadziwika kuti Project 921. Anaigawa masitepe atatu. Loyamba, kutumiza munthu kumwamba n'kumubweza wamoyo. Lachiwiri, kuphunzira kutuluka kunja kwa chombo, kulumikiza zombo ziwiri zili m'mlengalenga, ndi kuyesa kanyumba kakang'ono. Lachitatu, siteshoni yeniyeni yokhalamo anthu nthawi zonse. Mkulu wa mainjiniya anali Wang Yongzhi, ndipo wojambula chombo cha Shenzhou anali Qi Faren.

Ena mwa inu mufunsa kuti kodi sanangokopera za ku Russia? Anagulako, zimenezo n'zoona. Soviet Union itagwa, mafakitale ake anali pa njala ya ndalama, ndipo cha m'ma 1995 mayiko awiriwa anapangana zogulitsana ukadaulo: zovala za m'mlengalenga, zida zolumikizira zombo, zida zothandiza munthu kupuma. Matchaina awiri, Wu Jie ndi Li Qinglong, anakaphunzira ku Star City pafupi ndi Moscow n'kubwera kudzaphunzitsa anzawo. Shenzhou ukaiona imafanana ndi Soyuz, zigawo zitatu chimodzimodzi, kungoti ndi yokulirapo. Koma ife amakaniko timadziwa kuti kukhala ndi injini ya wina patebulo, utaimasula yonse, si kudziwa kuipanga. Pisitoni ndimaigwira tsiku lililonse. Chitsulo chake anachisakaniza bwanji, anachiotcha pa moto wotani, zimenezo pisitoniyo siikuuza.

Anayenda pang'onopang'ono moti anthu akunja ankawaseka. Shenzhou 1 inauluka mu November 1999 yopanda munthu. Zinatsatira zina zitatu, zonse zopanda munthu, mpaka kumapeto kwa 2002. Pa 15 October 2003 ndi pamene Yang Liwei anakwera Shenzhou 5 kuchokera ku Jiuquan, m'chipululu cha Gobi. Anazungulira dziko maulendo 14 m'maola 21, ndipo China inakhala dziko lachitatu kutumiza munthu kumwamba ndi roketi yakeyake, patapita zaka 42 chichitireni zimenezi Yuri Gagarin.

Pa TV zinaoneka zosalala, koma mwiniwake anadzafotokoza pambuyo pake kuti pokwera roketi inayamba kunjenjemera koopsa kwa masekondi 26, mpaka m'mimba monse kumva ngati mukuphwanyika, ndipo anaganiza kuti wafa. Kunjenjemera kwa roketi kunagwirizana ndi kwa thupi lake. Amene munakwerapo boti loti pulopela yapindika tsamba limodzi mukudziwa kuti pali liwiro lina lake pamene boti lonse limayamba kulira, mano kugundana, ukawonjezera kapena kuchepetsa moto n'kusiya. Ndi zomwezo, kungoti iye analibe chochepetsera moto. Potera, maikolofoni inamucheka mlomo. Mainjiniya anamvera zimene anawauza n'kukonza roketiyo.

Mu 2005 anapita awiri, masiku asanu. Mu September 2008 anapita atatu pa Shenzhou 7, ndipo Zhai Zhigang anatuluka kunja. Chitseko chinayamba chakana kutseguka, anachita kuchikanula ndi chitsulo, ndipo ali kunjako alamu ya moto inayamba kulira m'chombo. Inali yabodza. Kunjako anakhalako mphindi pafupifupi 20 basi. Taonani mipata yake: 2003, 2005, 2008. America ndi Soviet Union m'zaka za m'ma 1960 ankaponya anthu kangapo pachaka. Awa ulendo umodzi, kenaka zaka ziwiri kapena zitatu ali pansi kuwerenga zimene zachitika.

Tsopano za America zija. N'zoona kuti China sinalowe nawo mu International Space Station, imene gawo lake loyamba linakwera mu 1998. Kusakhulupirirana kunalipo kale, kunakula mu January 2007 pamene China inaphwanya setilaiti yakeyake ndi mzinga n'kumwaza zidutswa zikwizikwi m'njira imene zombo za aliyense zimadutsa. Mu 2011 phungu wina, Frank Wolf, analowetsa m'malamulo a bajeti ndime yoletsa NASA kugwira ntchito ndi China popanda chilolezo chapadera. Koma chaka chomwecho, pa 29 September, Tiangong 1 inali ikukwera kale. Chinthu chotero sumachipanga m'miyezi isanu chifukwa chokwiya. Lamulo lija linangotseka chitseko chimene iwo anali atachidutsa kale.

Tiangong 1 inali kachipinda ka matani 8 ndi theka, kutalika mamita 10. Ntchito yake yaikulu inali kuphunzirirapo kukocheza. Ganizani kukocheza boti pambali pa linzake onse akuthamanga, popanda madzi okugwira, popanda chingwe choponya, ndipo ukagunda mwamphamvu waboola nyumba imene anthu akupumiramo. Mu November 2011 Shenzhou 8 inalumikiza yokha ndi makompyuta, yopanda munthu. Mu June 2012 Shenzhou 9 inapita ndi anthu atatu, mmodzi mwa iwo Liu Yang, mayi woyamba wa ku China kupita kumwamba, ndipo Liu Wang analumikiza ndi manja kuti aone ngati munthu angathe kompyuta itafa. Mu 2013 Wang Yaping anaphunzitsa ana asukulu mamiliyoni ambiri pa TV ali komweko, kuwaonetsa madzi akuyandama ngati mpira. Tiangong 2 inakwera mu 2016, anthu awiri anakhalamo masiku 30, ndipo mu April 2017 chombo cha katundu, Tianzhou 1, chinakathira mafuta m'matanki ake ali m'mlengalenga. Sitepe yachiwiri inathera pamenepo.

Apa ndiye pali mtima wa nkhani yonse kwa ine, chifukwa chimene chinaimitsa zonse ndi injini.

Zigawo za siteshoni yeniyeni zimalemera matani oposa 22 chilichonse. Maroketi akale sakanatha kunyamula. Panafunika yatsopano, Long March 5, yonenepa mamita asanu, moti eniake amaitcha Chisanu Chonenepa. Kunenepako kunabweretsa vuto lina: maroketi akale ankapita kumalo oponyera pa sitima yapamtunda, ndipo njanji ndi mapanga ake sizilola chinthu choposa mamita atatu ndi pang'ono. Ndiye anamanga fakitale ku Tianjin, pafupi ndi doko, anamanga malo atsopano oponyera ku Wenchang pa chilumba cha Hainan, n'kupanganso sitima ziwiri zapamadzi, Yuanwang 21 ndi 22, zongonyamula roketi basi. Ulendo wa kumwamba umayamba ndi masiku angapo panyanja. Zimandikumbutsa Ilala yathu, imene inapangidwa ku Scotland, inabwera zidutswazidutswa kudzera ku Beira, n'kudzalumikizidwa kuno isanayambe ntchito mu 1951.

Long March 5 inauluka koyamba mu November 2016, movutikira koma inafika. Ulendo wachiwiri, pa 2 July 2017, patangotha mphindi zosakwana zisanu ndi imodzi, imodzi mwa injini ziwiri zapakati inataya mphamvu. Roketi inapendekeka n'kugwera m'nyanja ya Pacific pamodzi ndi setilaiti yodula imene inanyamula.

Injiniyo ndi YF-77. Imayaka ndi hydrogen wamadzi ndi okosijeni wamadzi. Hydrogen kuti akhale madzi amafunika kuzizira madigiri 253 pansi pa ziro. Chimene chinavuta ndi pampu yake, imene amati turbopump. Ndifotokoze mwa kwathu. Mu injini ya boti muli impela, karabara kakang'ono kamapiko kamene kamakoka madzi oziziritsa. Kamtengo wochepa, koma kakangothothoka mapiko injini yonse yapsa muli pakati pa nyanja. Turbopump ndi impela ya roketi, kungoti imakankha mafuta, imazungulira maulendo zikwi makumi pa mphindi, mbali imodzi ikuotchedwa ndi mpweya wamoto pomwe mbali inayo ikukhudza madzi ozizira kuposa chilichonse chimene munachigwirapo. Chitsulo chimodzi, kuno chikufutukuka, uko chikukhwinyata, chonsecho chikunjenjemera. Mbali ya kumene mpweya wamoto umatulukira ndiyo inagonja.

Chowawa n'chakuti injini yofayo inali pansi pa nyanja. Ine munthu akandibweretsera injini yakufa ndimaitsegula n'kuona pamene papsa. Iwo anali ndi manambala okha amene roketi inatumiza isanagwe. Anakonza, anayesa pansi, vuto linatulukanso. Anakonzanso, mu 2019 kuyesa kwina kunaonetsanso chilema, mpaka anasintha kapangidwe ka chigawocho. Kuchokera tsiku la ngozi kufika pa 27 December 2019, pamene roketiyo inaulukanso bwino, panadutsa masiku 908. Nthawi yonseyo gawo loyamba la siteshoni, limene linayenera kukwera cha m'ma 2018, linali pansi kudikira. Ulendo wokatenga miyala kumwezi unadikiranso. Kuyambira kumapeto kwa 2016 mpaka pakati pa 2021 palibe Mtchaina ndi mmodzi yemwe amene anapita kumwamba. Zaka pafupifupi zisanu, alovi ali pagombe, chifukwa cha pampu.

Zaka ziwiri za mu kanema uja zikuyambira apa. Pa 29 April 2021 gawo lapakati, Tianhe, linakwera: mamita 16 ndi theka, muli zipinda zogona, khitchini, chimbudzi ndi makina oyendetsera. Mu June, Nie Haisheng, Liu Boming ndi Tang Hongbo analowamo n'kukhala miyezi itatu. Wentian inakwera pa 24 July 2022, Mengtian pa 31 October 2022, ndipo atazilumikiza siteshoni inaoneka ngati chilembo cha T. Miyezi 18. N'zofulumira zedi, sindikukana. Koma n'chimodzimodzi kuona chilimira akuikoka m'mphindi zochepa n'kuiwala miyezi imene anthu anakhala pamchenga akuisoka.

Pali munthu mmodzi amene ndimafuna mumudziwe, Deng Qingming. Anasankhidwa m'gulu loyamba lija mu 1998. Maulendo angapo ankaphunzira zonse, kukonzeka zonse, kenaka n'kumuika kukhala wapambali, woti alowe ngati wina wadwala. Anzake anapita, ena kawiri, ena anapuma ntchito osapitako. Iye anakwera mu November 2022 pa Shenzhou 15, ali ndi zaka 56, atadikira zaka pafupifupi 25.

Sikuti zonse n'zoyamika. Mtundu wa roketi imene imanyamula zigawozi, Long March 5B, thunthu lake lalikulu la matani oposa 20 limafika nalo m'mwamba n'kulisiya kuti ligwe lokha pamene lafuna. Mu May 2020 zitsulo zake zinagwera m'midzi ya ku Côte d'Ivoire, kuno ku Africa, china chitoliro chachitali mamita angapo. Mwamwayi sanafe munthu. Mu May 2021 linagwera m'nyanja pafupi ndi Maldives, ndipo mu 2022 anachitanso kawiri. Amati mwayi woti ligwere munthu ndi wochepa kwambiri. Mwina. Koma amene akutchova juga ndi denga la mnzake si amene amagona m'nyumbamo, ndipo anthu a m'midzi ija palibe anawafunsa. Tiangong 1 nayo inasiya kuyankha mu 2016 n'kudzagwa yokha mu April 2018, mwamwayi kum'mwera kwa Pacific. Africa ilimo m'nkhaniyi mwa njira inanso: ku Swakopmund, m'dziko la Namibia, kuli siteshoni ya Matchaina yolondolera zombo zawo zikamadutsa.

Moyo wa m'katimo ndi wa umakaniko kuposa mmene mafilimu amaonetsera. Madzi ndi olemera kunyamula, ndiye thukuta, mpweya wopuma ngakhale mkodzo amazisefa n'kukhalanso madzi abwino, ena n'kuwang'amba ndi magetsi kuti atulutse okosijeni. Magetsi ndi a sola, ngati athu omwewa koma mapanelo ake otalika mamita makumi. Tizidutswa ta zinyalala tinaboola mapanelo a Tianhe mphamvu n'kuchepa, ndipo mu December 2023 ndi March 2024 anyamata a Shenzhou 17 anatuluka kunja maola ambirimbiri kukawakonza. Inu ana a asodzi imvaninso iyi: mu April 2024 anapita ndi tinsomba tinayi ta mtundu wa zebrafish, tating'ono kuposa usipa, m'kathanki momwe munali zomera za m'madzi. Zomera zimapereka okosijeni, nsomba zimapereka manyowa. Poti kulibe kumwamba kapena pansi, tinkasambira chagada ndi mozungulirazungulira, koma tinakhala masiku oposa 40 mpaka kuikira mazira.

Chomaliza ndi cha November 2025. Anthu atatu a Shenzhou 20, motsogozedwa ndi Chen Dong, anayenera kubwerera pa 5. Poyendera chombo chawo anapeza mng'alu pagalasi la zenera, ndipo akuluakulu anati mwina chagundidwa ndi kachidutswa ka zinyalala za m'mlengalenga. Chombo chikamabwerera chimadutsa m'moto woposa madigiri 1,000, ndiye zenera long'aluka si loyesera mwayi. Anawaimitsa. Pa 14 November anabwerera pa Shenzhou 21, chombo chimene anzawo owalandira anali atangobwera nacho. Zikutanthauza kuti atatu otsalawo anakhala m'siteshoni popanda chombo chodalirika chothawira, ngati kukhala pachilumba mwera ukuwomba boti lako litabooka.

Chiyambireni siteshoniyi, lamulo lawo n'lakuti anthu akakhala kumwamba, ku Jiuquan kuzikhala roketi ina ndi chombo china zongodikira. Zaka zinayi zinkangokhala ngati kuwononga ndalama. Ulendo uno anazitulutsa, anaziyendera, anathira mafuta, ndipo pa 25 November Shenzhou 22 inakwera yopanda munthu, m'mipando atadzazamo zakudya ndi zipangizo. Inakocheza tsiku lomwelo. Atatu aja anali atakhala masiku 11 opanda chobwererapo.